Anthu a nsomba kumtunda kwa Bua

Munthu akatchula Mtunthama, ambiri amaganiza za fodya ndi sukulu ya Kamuzu Academy. Za nsomba saziganizira, poti nyanja ili kutali, kuseri kwa mapiri ndi nkhalango ya Nkhotakota. Komatu madzi ambiri a m'madambo a chigawo chino amatsikira mu Bua, mtsinje wochokera ku Mchinji umene umadutsa m'zigwa za fodya za Kasungu, n'kulowa m'nkhalango ija, n'kukathira m'nyanja ya Malawi. M'mbali mwa madzi amenewa muli anthu amene nsomba ndiyo imawagulira sopo ndi mchere, ngakhale mutawafunsa ntchito yawo angakuyankheni kuti ndi alimi basi.

Nsomba imene inatchukitsa Bua ndi mpasa. Imakulira m'nyanja, kumene imadya tinsomba ting'onoting'ono ngati usipa, koma ikafuna kuswana imakwera mtsinje kufunafuna malo osaya, a madzi oyera othamanga pa timiyala. Imaikira mazira pakati pa timiyalato, ndipo ana ake amayamba akhala mumtsinje asanatsikire kunyanja. Azungu ataona khalidwe limeneli anaifanizira ndi salmon ya kwawo, ngakhale pa chibale ziwirizi n'zotalikirana. Mpasa sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'nyanja yathu ndi m'mitsinje yothiramo, monga Bua, North Rukuru, Songwe, ndi Ruhuhu ku Tanzania. Lero ali pa mndandanda wa nsomba zimene zili pangozi yotha. Chimene chamusunga mu Bua n'chakuti chigawo cha kumunsi kwa mtsinjewu chili m'nkhalango yotetezedwa, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015. Pa ntchito ya alonda a m'nkhalangomo timamva kwambiri za njovu, koma kuchotsa maukonde ndi misampha m'madzi ndi gawo lomwelo la ntchito yawo.

Msodzi wa kumtunda kuno mpasa samuona kawirikawiri. Zake ndi milamba ndi matemba. Alibe bwato la injini kapena chilimira. Ali ndi mbedza, kaukonde kakang'ono, ndi mono woluka ndi bango kapena nsungwi. Mono amautchera madzulo pampata wa biyo, kukamwa kwake kutayang'ana kumene nsomba zikuchokera, ndipo amakauwonjola m'mamawa mame asanakamuke. Kuluka mono ndi luso lenileni: khomo lake limapanikiza chamkati kuti nsomba ikalowa isaonenso potulukira, ndipo mipata ya bango ndi imene imanena ngati tiana tipulumuke kapena ayi. Akuluakulu ankasiya mipata yotakasuka. Masiku ano ena amakokola madzi ndi neti ya udzudzu, imene sisiya ngakhale kamwana kongobadwa, ndipo ena amathira katupe padziwe chilimwe chikafika, n'kupha zonse za m'menemo tsiku limodzi. Sindiwayikira kumbuyo, koma ndikudziwa kuti ambiri amachita izi fodya atagulidwa motchipa, ngongole ya feteleza ili pakhosi. Tiyeneranso kukumbukira ntchila, imene kale inali pakati pa nsomba zogwidwa kwambiri m'dziko muno, n'kudzasowa chifukwa anthu ankaitchingira pakamwa pa mitsinje ili ndi mazira m'mimba.

Amene ntchito yake ikukula ndi mlimi wa nsomba wa padamu. Iyeyu amasankha malo m'mphepete mwa dambo pamene dothi lili la makande, losunga madzi, n'kukumba ndi khasu ndi fosholo, nthawi zambiri mothandizana ndi anzake a m'kalabu. Damu labwino limakhala losaya kumene madzi amalowera, lakuya kumene amatulukira. Akadzaza madzi amaika thumba la chitosi cha nkhuku kapena ndowe pangodya, kuti madzi abiriwire ndi tizomera tosaoneka ndi maso timene nsomba zimadya. Mlimi wodziwa amapisa dzanja m'madzi mpaka m'chigongono: ngati chikhatho chikuonekabe mbee, manyowa achepa, ngati chasowa dzanja lisanafike pakati, achuluka. M'mawa ndi madzulo amawaza madeya. Nsomba zake ndi makumba ndi chilunguni, ena amayesa chambo ndi milamba. Adani ake ndi katumbu, ng'azi, mbalame, ndi akuba a usiku. Mdani wina ndi nyengo: mu Juni ndi Julaye kuno kumazizira, nsomba zimadya pang'ono n'kusiya kukula, ndipo pofika Okutobala madamu ena amaphwa. Tsiku lokolola sipafunika galimoto yopita kumsika. Anthu a m'mudzi amabwera okha ndi mbale, chifukwa nsomba yaiwisi kuno ndi ya apo ndi apo. Imene anazolowera ndi usipa ndi utaka wouma umene amayi a geni amakapikula ku Nkhotakota.

Funso lalikulu pa ntchito yonseyi ndi la mbewu, kutanthauza ana a nsomba oyambira ulimi. Boma lili ndi malo ake oswetsera nsomba ku Domasi m'boma la Zomba, ndipo ku Bunda akatswiri a LUANAR amachitanso kafukufuku ndi kuswetsa. Koma kuchoka ku Domasi kudzafika ku Mtunthama ndi ulendo wautali, ndipo tinsomba ta m'thumba la pulasitiki tikatenthedwa m'njira timafa. Choncho alimi ambiri amagula kwa mnzawo wa damu lakale, amene nsomba zake zakhala zikuswana pachibale zaka ndi zaka, ndipo zotsatira zake ndi nsomba zopinimbira, zoyamba kuswana zisanafike kukula kwa chikhatho. Woswetsa mbewu wodalirika amasankha makolo athanzi, amawasunga padera, ndipo amasintha magazi nthawi ndi nthawi. Anthu otere ndi ochepa, ndipo ndi amene ndikanakonda kuti alangizi a nsomba awaphunzitse choyamba.

Damu silikhala lotsekeka mpaka kalekale. Mvula ya mu Januwale ikakula, khoma limagumuka kapena madzi amasefukira, ndipo chilichonse chimene chinali m'damumo chimalowa m'dambo, kenako mu Bua. N'chifukwa chake lamulo la za nsomba la 1997 silimalola kubweretsa nsomba zachilendo popanda chilolezo, ndipo boma linaletsa kale kuweta carp m'madera amene madzi ake amathira m'nyanja ya Malawi. Alimi ena amadandaula kuti anzawo ku Zambia akulemera ndi tilapia ya ku Nile, imene imakula msanga. Dandaulo lawo n'lomveka. Koma nsomba imeneyi ikathawira mumtsinje imaswana ndi makumba ndi chambo, ndipo mtundu ukasakanikirana palibe angaulekanitsenso. Matenda nawo amayenda ndi madzi omwewo. Mu 2020 matenda a zilonda pathupi la nsomba, otchedwa EUS, anapezeka koyamba m'dziko muno ku Mchinji, ndipo boma linaimitsa kusodza ndi kunyamula nsomba m'madera okhudzidwa a m'mbali mwa Bua. Asodzi ndi alimi a madamu analira limodzi chaka chimenecho.

Pali amene amati mpasa akachepa tingomuswetsa m'matanki n'kukamuthira mumtsinje. Ku America anayesa njira imeneyi kwa zaka zoposa 100 pa mtsinje wa Columbia, kumene madamu akuluakulu a magetsi monga Grand Coulee anatseka njira ya salmon. Lero salmon zambiri zobwerera mumtsinjewo n'zobadwira m'matanki, pamene mitundu ingapo ya zam'chilengedwe ili pangozi. Akafukufuku anapeza kuti nsomba yoleredwa ndi anthu siswana bwino ikabwerera kumtsinje, ndipo ikakwerana ndi yam'chilengedwe imafooketsa mtundu. Kuswetsa mpasa kungathandize kusunga mbewu pa nthawi ya ngozi, koma sikungabweze timiyala toikirapo mazira titakwiririka ndi matope.

Matopewo amachokera kuno kwathu. Amachokera m'minda yolimidwa mpaka m'mphepete mwa mtsinje, m'madimba ndi m'manazale a fodya amene amadula bango kuti afike pamadzi, ndi m'malo amene mitengo inatha ndi zigafa, nkhuni zowotchera fodya ndi makala. Nthawi zambiri wolima fodya, wa dimba ndi wa damu amakhala munthu mmodzi yemweyo, ndipo mlangizi amene angamuuze zosiya mpata wa bango m'mbali mwa madzi, kukweza khoma la damu ndi kutchinga potulukira madzi ndi sefa, amakhala ndi dera lalikulu loti ayendere, mafuta a njinga yamoto ali ochepa. Makalabu a alimi ndi mafumu akhoza kuyamba okha ndi zimene zili m'manja mwawo: kuletsa katupe ndi neti za udzudzu m'madziwe a m'dera lawo, ndi kufunsa aliyense wobwera ndi ndowa ya mbewu kuti nsombazo ndi mtundu wanji ndipo wazitenga padamu la yani.