MAYI RAFFALD: WANTCHITO AMENE ANASANDUTSA KUPHIKA KUKHALA CHUMA

Awerengi athu amene amaganiza kuti nzeru ya kukhitchini ndi yochepa poyerekeza ndi ya mu ofesi kapena ya m'kalasi ayenera kumva mbiri ya Mayi Elizabeth Raffald a ku Mangalande.

Mayiwa anabadwira ku Doncaster m'chaka cha 1733, ndipo analowa ntchito ya m'nyumba za anthu olemera akali mtsikana. Mu 1760 anakhala kapitawo wa antchito pa nyumba yaikulu ya Arley Hall m'chigawo cha Cheshire, nalandira mapaundi 16 pa chaka. Komweko anadziwana ndi John Raffald, mkulu wa osamala minda, ndipo atakwatirana mu 1763 anasamukira ku Manchester.

Mu mzindawo anatsegula sitolo ya makeke ndi zakudya zina, ofesi yopezera ntchito anthu ofuna kutumikira m'nyumba, ndiponso sukulu yophunzitsa atsikana kuphika. Koma chimene chinamveketsa dzina lawo ndi buku lotchedwa The Experienced English Housekeeper, limene linatuluka mu 1769 lili ndi maphikidwe pafupifupi 800. Mwa maphikidwewo muli keke ya ukwati yokutidwa kawiri, poyamba ndi mtedza wa alimondi wosinja, pamwamba pake shuga woyera. Keke yamtunduwu timaiona pa maukwati kufikira lero, ngakhale odulawo sadziwa dzina la mayiwa.

Tsono taonani kuchenjera kwawo. Masiku amenewo osindikiza ambiri anali kungotenga buku la mwini ndi kuligulitsa ngati lawo. Mayi Raffald anayamba asonkhanitsa maina a anthu oposa 800 olonjeza kugula bukulo lisanatuluke, ndipo litasindikizidwa anali kusaina ndi dzanja lawo buku lililonse, kuti wogula asiyanitse lenileni ndi lakuba. Akubawo sanaleke ayi, pakuti anasindikiza bukulo nthawi zambiri koposa eni ake. Komabe mbiri imanena kuti mu 1773 wogulitsa mabuku wa ku London, Bambo Baldwin, anagula ufulu wolisindikiza pa mtengo wa mapaundi 1,400. Inu aphunzitsi a samu, tawerengani: pa malipiro aja a ku Arley Hall, mayiwa akanagwira ntchito zaka zoposa 87 kuti aone ndalama zotere.

Akalaliki a m'boma nawonso ali ndi chifukwa cha kuwakumbukira. Mu 1772 Mayi Raffald analemba buku loyamba la maina a amalonda ndi akuluakulu a mu Manchester ndi Salford, losonyeza ntchito ya aliyense ndi msewu umene akhala. Analikonzanso mu 1773 ndi mu 1781. Ntchito yotopetsa imeneyi, imene ife tikanayembekeza kuti aichita ndi a khonsolo, inachitidwa ndi wophika, ndipo olemba mbiri ya mzindawo akuligwiritsabe ntchito bukulo.

Nanga chuma chonsecho chinapita kuti? Pamenepa ndi pamene mbiri iwawa. Lamulo la ku Mangalande pa nthawiyo linali lakuti zonse zimene mkazi wokwatiwa apeza ndi za mwamuna wake. Banjali linatenga hotela ya King's Head ku Salford, koma Bambo Raffald anali okonda mowa, ngongole zinachuluka, ndipo pofika 1780 malonda anali atagwa. Mayi amene buku lawo linali m'makhitchini a dziko lonse anapezeka akugulitsa tiyi, khofi ndi zipatso ku mpikisano wa akavalo ku Kersal Moor. Ife sitiona chamanyazi pamenepo. Manyazi tiwaika pa lamulo limene linalola siginecha yawo kuteteza buku kwa akuba akunja, koma osateteza phindu lake m'nyumba mwawo momwe.

Anamwalira mwadzidzidzi pa 19 April 1781, asanakwanitse zaka 50, ndipo anaikidwa ku Stockport. Nyumba ya Malamulo ya ku London inadzalola mkazi wokwatiwa kusunga malipiro ake mu 1870, ndi katundu wake yense mu 1882, patapita zaka 101 chimwalirire mayiwa.