NKHOPE YA MFUMU PA NDARAMA

Pa 16 January 1968 anthu a mu Lusaka anayamba kugula ndi Kwacha ndi ngwee. M'masitolo a mu Cairo Road ndi kwa ogulitsa a ku Kabwata analandira makobiri okhala ndi nkhope ya Dr. Kenneth Kaunda, koma kapangidwe kace kanali konga ka ndarama za Angelezi: mutu wa wolamulira mbali imodzi, cithunzi mbali yina. Mtundu ukayamba kudzilamulira sufulumira kutaya maonekedwe a ndarama imene amalonda anazolowera, pakuti ndarama yokanidwa pa msika iri cabe. Aparti, amene dzina lao lipezeka m'buku la Macitidwe a Atumwi, anadziwa zimenezi kale lomwe.

Dziko lao linali kumene kuli Iran lero. Alexander atagonjetsa maiko amenewo, ulamuliro unatsala m'manja mwa Agriki, ndipo ndarama yao ya siliva, dzina lace drakima, inayenda m'misika yonse. Ca m'ma 247 Kristu asanabadwe, Arsaces anadzuka nakhazika ufumu wa Aparti. Ndarama zace zinali drakima zomwezo, zolemera ngati magalamu 4, zolembedwa m'Cigriki. Pa ndarama za Agriki panali mulungu wao Apollo, ali cikhalire, uta uli m'manja. Aparti anasunga kakhalidweko, koma anaikapo munthu wobvala za kwao, popeza iwo anali akatswiri a uta ndi akavalo.

M'caka ca 141 Kristu asanabadwe, Mithradates I analanda mzinda wa Seleucia, umene unadzala ndi Agriki amalonda ndi amisiri. Pofuna kuwakhazika mtima pansi, analemba pa ndarama zace kuti iye ndiye bwenzi la Agriki.

Koma cobwereka sicikhalitsa. Mibadwo itapita, osula anaiwala Cigriki, nayamba kungojambula zilembo zosamveka. Vologases I, amene analowa ufumu ca m'ma 51 Kristu atabadwa, anaonjeza zilembo za cinenero ca Aparti, ndipo zilembozo zinanka zicuruka kufikira ufumuwo unagwa m'caka ca 224.

Momwemonso makobiri a 1968: ngakhale kapangidwe kanacokera kutsidya la nyanja, pa 2 ngwee panali ciombankhanga ca kuno, ndipo maina a Kwacha ndi ngwee ndi mau a m'dziko lomwe lino.