Mankhwala ndi makina a chipatala amene anaposa onse

Pa mankhwala onse a padziko lapansi, panalibe amene anabweretsa ndalama zambiri mu 2024 kuposa Keytruda wa kampani ya Merck. M'chaka chimenecho chokha anagulitsidwa madola 29.5 biliyoni. Iyeyu sapha chotupa cha khansa mwachindunji ayi, amamasula chitetezo cha m'thupi chimene khansayo inachimanga manja kuti chimenye nkhondo chokha. Chiphaso chake cha umwini, chimene azamalamulo amati patent, chikutha mu 2028 ku America, ndipo makampani ena ali tcheru kudikira tsikulo.

Mlandu waukulu wa ziphaso zoterezi unabuka chifukwa cha Sovaldi, mankhwala ochiza matenda a chiwindi a Hepatitis C. Atatuluka mu 2013, m'bulu umodzi unali madola 1,000, ndipo wodwala ankafunika madola 84,000 kuti amalize masabata 12. Mu 2016 khoti la ku Delaware linalamula kampani ya Gilead, yopanga Sovaldi, kulipira madola 2.54 biliyoni pa nkhani yobera luso, chipepeso chimene chinali chisanamvekepo pa mlandu wa patent ku America. Chigamulocho chinathetsedwa mu 2018.

Pa makina ounikira m'thupi, ulemu woyamba ndi wa Wilhelm Röntgen. Mu Disembala 1895 ku Würzburg anajambula dzanja la mkazi wake: mafupa a zala ali poyera, mphete yokha itada bii pachala. Anakana kutenga chiphaso cha umwini pa X-ray, ndipo pasanathe chaka madokotala m'mayiko ambiri anali atayamba kale kufufuza zipolopolo ndi mafupa othyoka ndi kuwala komweko. Kwa ine, kukana kumeneku n'kumene kumamukweza. Makina a CT anaunika wodwala woyamba mu 1971 ku London, ndipo mmodzi mwa awiri amene analandira mphoto ya Nobel pa lusoli mu 1979, Allan Cormack, anabadwira ku Johannesburg. Lero MRI yamphamvu koposa younikira anthu ndi Iseult ya ku France, ya mphamvu ya 11.7 tesla, yolemera matani 132.

Koma nkhani imene imatifika pamtima ife ndi ya HIV. AZT anapangidwa mu 1964 ngati mankhwala a khansa, nalephera, naiwalika. Mu 1987 anadzakhala mankhwala oyamba kuvomerezedwa olimbana ndi HIV, pa mtengo wa madola pafupifupi 10,000 pachaka. Ndani kumudzi kwathu akanakwanitsa? Anthu ankangotha, maliro tsiku ndi tsiku. Mu 2001 Yusuf Hamied wa kampani ya Cipla ku India analengeza kuti agulitsa mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pachaka, osakwana dola imodzi patsiku. Patangopita zaka zitatu, Malawi anayamba kugawa ma ARV aulere m'zipatala za boma.

Tsopano kwabwera lenacapavir, jakisoni wobaya kawiri pachaka woteteza ku HIV. Pa kafukufuku wa ku South Africa ndi Uganda, zotsatira za mu 2024 zinaonetsa kuti mwa atsikana ndi amayi opitirira 2,000 amene anabayidwa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atatenga kachilomboka. Ku America mtengo wake ndi madola opitirira 28,000 pachaka. Makampani a ku India amene apatsidwa chilolezo chomupanga avomera kumugulitsa madola 40 pachaka m'mayiko 120 kuyambira mu 2027.