Mlonda Akakana Kucoka M'kompyuta

Makompyuta a m'manja, amene ambiri amawachula kuti laputopu, afika tsopano ngakhale kumidzi. Aphunzitsi, alembi a magulu a alimi ndiponso ana a sukulu ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amasungiramo mayeso, maina a mamembala ndi mawerengero a ndalama. Komatu dandaulo limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti makinawo ayamba kucedwa, ndipo pagalasi pangotuluka uthenga wofuna ndalama. Nthawi zambiri gwero la bvutoli ndi pulogalamu yochedwa antivirus imene masiku ake anatha, koma ikukana kucoka.

Antivirus ndi mlonda wa kompyuta. Nchito yake ndi kugwira mavairasi, timapulogalamu toononga timene timalowa m'makina kudzera pa intaneti kapena pa fulashi yobwerekana. Bvutoli si lacilendo ai. Vairasi yochedwa Brain inacokera mumzinda wa Lahore ku Pakistan m'caka ca 1986, ndipo mu 1987 John McAfee anayambitsa ku America kampani yopanga alonda otere. Lero maina odziwika ndi McAfee, Norton, Avast, AVG ndi Kaspersky.

Malaputopu ambiri atsopano amabwera ali ndi mlonda woyeserera wa masiku ocepa, kawirikawiri 30. Masikuwo akatha, mlondayo amaleka kulandira mbiri ya mavairasi atsopano, koma amakhalabe m'makina nayamba kupempha malipiro. Pa makina ogulidwa kwa munthu wina, mwini woyamba kapena wogulitsa amakhala ataikamo alonda awiri kapena atatu poganiza kuti citetezo cidzakula. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Mlonda aliyense amafuna kuyamba ndiye kufufuza failo iriyonse, motero amalimbana, makina amatentha, ndipo batire imatha msanga.

Nanga n'cifukwa ciani mlondayu amabvuta kucotsa? Anapangidwa dala motero. Mavairasi ena akalowa, cinthu coyamba cimene amayesa ndico kupha mlonda. Pa cifukwa ici opanga anamzika mizu mkati mwenimweni mwa Windows, kuti adzuke pamodzi ndi makina ndi kukana aliyense wofuna kumzimitsa. Khama lomwelo lokanira mbala ndilo limene limasautsa mwini makina.

Musanayambe nchito yocotsa, citani zinthu zitatu. Coyamba, koperani mafailo anu ofunika pa fulashi. Caciwiri, chajani batire kuti idzale, pakuti makina akazima nchito iri pakati, mlondayo amatsala theka ndipo kumcotsa kumabvuta koposa. Cacitatu, lowani m'kompyuta ndi dzina la mwini, limene Windows imalicha Administrator. Cenjezo lalikulu ndi ili: musafafanize foda ya antivirus imene iri mu Program Files. Kutero kuli ngati kudula mtengo ndi kusiya citsa. Mizu imatsala, ndipo kacida kocotsera pulogalamuyo kamatayika pamodzi ndi fodayo.

Njira yoyamba ndi yapafupi. Tsegulani Settings, sankhani Apps, pezani dzina la antivirus pamndandanda, ndipo dinani Uninstall. Pulogalamuyo idzakunyengererani kuti muisiye, mwina nikulonjezani mtengo wotsika. Pitirizani kufikira mapeto, kenaka muzimitse makina ndi kuwayatsanso, cifukwa zotsalira zina zimacoka pokhapokha makina akayambanso. Yang'ananinso mndandandawo, popeza kampani imodzi imatha kuika timapulogalamu tingapo, monga WebAdvisor ya McAfee. Ngati Avast ikukana, lowani m'makonzedwe ake pa Troubleshooting ndi kuzimitsa Self-Defense, ndiko kudziteteza kwake, ndipo muyesenso.

Njira yaciwiri ndiyo kugwiritsa nchito zida zimene makampani eni ake anapanga, podziwa kuti katundu wao amakanirira. Cida ca McAfee cimachedwa MCPR. Ca Norton ndi Norton Remove and Reinstall, ndipo m'menemo musankhe Advanced Options kenaka Remove Only, kuopera kuti mlondayo angabwererenso. Avast iri ndi Avast Clear, pamene Kaspersky iri ndi kavremover. Zida zimenezi n'zaulere. Zitengeni pa tsamba la intaneti la kampani yeniyeniyo basi, pakuti akathyali amaika mavairasi m'zida zabodza za maina ofanana. Amene akhala kumene netiweki ndi yofooka angatengeretu cidaco pa fulashi pamene apita kuboma.

Njira yacitatu ndi Safe Mode, pamene Windows imadzuka ndi ziwalo zofunika zokhazokha, mlonda uja ali m'tulo. Gwirani batani la Shift uku mukudina Restart. Pagalasi la buluu limene lidzaoneka sankhani Troubleshoot, kenaka Advanced options, kenaka Startup Settings, ndipo dinani Restart. Makina akayakanso dinani nambala 4, ndipo tsegulani cida cocotsera cija. Dziwani kuti makina ena okhomedwa ndi BitLocker amafunsa nambala yacinsinsi ya manambala 48. Nambalayi imasungidwa kawirikawiri mu akaunti ya Microsoft ya mwini makina, ndipo ndi bwino kuilemba papepala musanayambe.

Ena amaopa kuti akacotsa mlonda, nyumba idzakhala pambalambanda. Windows 10 ndi Windows 11 ziri kale ndi mlonda wao waulere, Microsoft Defender, amene amapuma pakakhala mlonda wina, nayamba yekha nchito winayo akacoka. Tsegulani Windows Security kuti mutsimikize kuti pa Virus & threat protection pali cizindikiro cosonyeza kuti zonse ziri bwino, ndipo mulumikize makina ku intaneti nthawi ndi nthawi kuti mlondayu alandire mbiri yatsopano. Eni makina akale akumbukirenso kuti pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka cithandizo ca nthawi zonse ca Windows 10, motero makina amene angathe kulandira Windows 11 ayenera kukwezedwa.

Pali zinthu zina zitatu zoyenera kusamala. Kucotsa pulogalamu sikuletsa malipiro. Ngati munalembetsa ndi khadi la kubanki, lowani mu akaunti yanu pa tsamba la kampaniyo ndi kuletsa kulipira kobwerezabwereza, kupanda kutero ndalama zidzacotsedwabe. Caciwiri, uthenga woopseza ukapitiriza kutuluka pambuyo pocotsa, kawirikawiri umacokera kumasamba acinyengo amene analoledwa kutumiza mauthenga mu Chrome kapena Edge. Musaudine, ndipo musaimbe nambala ya foni imene wapereka. Lowani m'makonzedwe a Notifications ndi kutsekera masambawo. Cacitatu, laputopu ya sukulu, cipatala kapena bungwe ingafunse mau acinsinsi musanacotse mlonda. Makina otere si anu: aperekeni kwa woyang'anira makompyuta wa bungwelo.

Nchito yonseyi siifuna ndalama, imafuna kudekha ndi kutsata ndondomeko. Amene aona kuti sangathe apemphe mphunzitsi wa makompyuta pasukulu yapafupi kuti awathandize, atasunga kale mafailo ao pa fulashi.