Mulanje Alibe Mnzake, pa Zokoma ndi pa Zowawa Pomwe

Mukakwera minibasi ya ku Muloza kuchokera ku Limbe, mukangodutsa pa Luchenza phiri limayamba kukula pamaso panu mpaka kutseka kum'mawa konse. Masiku a chiperoni limabisala, mumangoona nkhungu, mvula yowaza ndi othyola tiyi atafunda mapepala, madengu ali kumsana. Ambiri a ife tidalizolowera ngati chulu cha kuseri kwa nyumba. Koma akatswiri a zachilengedwe akhala akuliyeza ndi kuwerenga zamoyo za m'menemo, ndipo zimene apeza zaka zapitazi zikuonetsa kuti pa zinthu zingapo Mulanje alibe mnzake. Zina n'zonyaditsa, zina ukazimva nsima siitsika.

Za kutalika mwana aliyense wa ku pulayimale amazidziwa. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo palibe phiri lofika pamenepo m'Malawi muno, ngakhalenso ku Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique. Thanthwe la kumadzulo kwa Chambe, lija limaoneka ngati khoma mukaima ku Likhubula, limakwera mamita pafupifupi 1,700, ndipo okwera matanthwe ndi zingwe amati mu Africa monse mulibe lina lalitali chotero. Mwala wa phirili udapangika pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, nthaka yofewa yozungulira n'kukokoloka pang'onopang'ono, iwo n'kutsala uli chilili.

Ukalamba umenewu ndi umene udabala chuma chenicheni. Mu Malichi 2024, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Julian Bayliss, yemwe adagwirapo ntchito pa phiri la Mulanje, lidatulutsa kafukufuku m'magazini ya Scientific Reports. Adasonyeza kuti mapiri 30 a kummwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, monga Mulanje, Namuli, Mabu ndi Lico, ndi dera limodzi lapaderadera la zachilengedwe, ndipo adalitcha South East Africa Montane Archipelago. Amawafanizira mapiriwa ndi zilumba. Kalekale nkhalango zinali zolumikizana, koma nyengo itauma zidatsala pamwamba pa mapiri pokha pamene nkhungu imanyowetsa, ndipo zamoyo za m'menemo zidatsekeredwa, phiri lililonse n'kumasintha zakezake. Adawerenga mitundu 127 ya zomera ndi mitundu 90 ya achule, abuluzi, njoka, mbalame, agulugufe, nkhanu ndi tinyama tina, zonse zosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Nkhalango ya pa Mabu ndiyo yaikulu kuposa zonse za mtundu wake kummwera kwa Africa, ya pa Lico ndiyo yaing'ono kuposa zonse.

Pa zamoyo zonsezi, chimene chimandikondweretsa kwambiri ndi nadzikambe. M'nkhalango zobiriwira za kumtunda kwa mtsinje wa Ruo muli bilimankhwe wa mtundu wake amene kwawo ndi pa Mulanje pokha. Akatswiri pofuna dzina la fuko lake sadapite kutali, adatenga liwu lathu lomwe n'kumutcha Nadzikambia mlanjensis, kotero wophunzira wa ku London kapena ku Tokyo akamatchula kanyamaka amalankhula Chichewa asakudziwa. Alipo mnzake wamng'ono, Rhampholeon platyceps, wotha kukhala pa chala, wofiirira ngati tsamba louma, kamchira kakafupi. Kanyama koyenda monyang'wa chonchi sikangadutse munda wa chimanga kukafuna nkhalango ina. Mitengo yake ikadulidwa, basi kathera pomwepo. Ndipo kafukufuku yemwe uja adapeza kuti kuyambira chaka cha 2000 mapiriwa ataya magawo 18 pa 100 alionse a nkhalango zawo zachilengedwe, malo ena mpaka magawo 43. Liwiro lotere la kutha kwa nkhalango lili m'gulu la oopsa kwambiri mu Africa.

Apa ndiye tafika pa mkungudza, umene ambiri amangoti sida. Amene adatsegulapo kabokosi kosema ka mtengowu amalidziwa fungo lake: limakhala m'thabwamo zaka ndi zaka, n'kulowerera m'zovala zimene mwasungamo. Chiswe sichiugwira, madzi sauoletsa msanga, n'chifukwa chake anthu ankaufuna pa denga, pa zitseko ndi pokhoma maboti ku nyanja. Mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, ndipo umatha kutalika mamita 40. Dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, lidachokera kwa Alexander Whyte amene adatola zitsanzo zake mu 1891. Phirili lidakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1927, ndipo mu 1984 mkungudza udalengezedwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi.

Tsono tamvani mmene udathera. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 adapeza kuti nkhalango za mkungudza zidali zitatsala mahekitala pafupifupi 845. Mu 2014 mitengo ikuluikulu yamoyo inkaposa 38,000. Owerenga atakweranso mu 2017 adapeza isanu ndi iwiri yokha, ndipo pofika 2018 nayonso idali itagwetsedwa. Zaka zitatu kapena zinayi zokha! Sindidziwa mtengo wina wa fuko umene eni ake adaumaliza msanga chotere. Amene tinkawaona ndi anyamata otsika phiri thabwa lili pamutu, thukuta kamukamu, miyendo ikunjenjemera pa miyala yoterera, kuti apeze ya ufa ndi mchere. Phindu lenileni linkapita kwa ogula amene sadakwereko phirilo n'kamodzi komwe. Matabwa ochuluka chotero sadauluke. Adadutsa m'misewu yathu, pamaso pa anthu amene ntchito yawo idali kuwaletsa. Moto wa osaka nyama nawo unkapsereza timitengo tongomera, kotero kuti pansi pa mitengo yodulidwayo padalibe ana olowa m'malo.

Mwayi wake, kale ena adadzala mkungudza pa phiri la Zomba, ndipo mbewu idapezeka kumeneko. Kuyambira 2016, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi Forestry Research Institute of Malawi ndi Botanic Gardens Conservation International adathandiza midzi ya m'tsinde mwa phiri kukhazikitsa manazale, anthu n'kumagulitsa mbande ndi kuzisenza kukadzala pamwamba. Mbande pafupifupi 500,000 zidabwerera kwawo m'zaka zochepa. Zambiri zafa ndi moto, chisanu ndi ng'amba, koma zimene zagwira zikukula.

Mbiri ina idatipeza kuchokera kunyanja yamchere. Namondwe wa Freddy adabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, n'kuoloka nyanja yonse ya Indian, kumenya Madagascar, kulowa m'Mozambique, kubwerera kunyanja kukatenga mphamvu zina, n'kudzalowanso cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Mu Julayi 2024 bungwe la World Meteorological Organization lidatsimikiza kuti Freddy adakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'kaundula. Amene adali patsogolo, John wa mu 1994, sadakwanitse masiku 30. Freddy adayenda makilomita 12,785, ndipo malekezero a ulendo wonsewo adali pa ife. Mitambo yodzala madzi itagunda phiri idakhuthula zonse. Ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri m'boma la Phalombe, kudagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi. Matope, mitengo ndi miyala yaikulu ngati nyumba zidatsika usiku, kukwirira midzi ndi minda, milatho n'kuduka, a ku Muloza n'kukhala ngati ali pachilumba. M'dziko lonse anthu oposa 1,200 adafa kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 adasiya nyumba zawo.

Akuluakulu adati Napolo wadutsanso, monga adachitira ku Phalombe mu Malichi 1991 pamene phiri la Michesi lidagumuka. Zoonadi zigumukire si zachilendo kuno. Chachilendo n'kubwera kwa anamondwe motsatizana: Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Freddy chaka chotsatira. Akatswiri a World Weather Attribution atafufuza mvula ya Ana ndi anamondwe anzake a nyengo imeneyo adapeza kuti kutentha kwa dziko kudaiwonjezera mphamvu, popeza mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri. Adadandaulanso kuti kuno malo oyezera mvula okhala ndi kaundula wa zaka zambiri ngochepa zedi. Utsi wotenthetsa dziko ife timatulutsa wochepa, koma phiri lometedwa mpala ndi ntchito ya manja athu, ndipo madzi ogwa pa nthaka yopanda mizu sachedwa kutsika. A ku Blantyre asaone ngati za kutali, pakuti ena mwa madzi a m'mipopi yawo amachokera mu Likhubula.

Mbiri inanso ndi ya mu Julayi 2025, pamene UNESCO, pa msonkhano wake ku Paris, idaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Ndi malo achitatu m'Malawi, kutsatira Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pa miyala za ku Chongoni mu 2006. Chimene adalemekeza kwenikweni ndi chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, amene amati m'phirimo mumakhala mizimu ya makolo ndipo mumalowedwa mwaulemu. Ulemu umenewu ukufunika tsopano, pamene maso a okumba migodi ali pa miyala ya ku Lichenya ndi ku Chambe.

Mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ufike pobala mbewu zokwanira kudzibzala wokha, ndipo moto wa tsiku limodzi umatha kupsereza mbande za chigwa chonse. Mafumu, osaka, otola nkhuni ndi nonse okhala m'tsinde mwa phiri, udzu ukauma mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, chonde moto usakwere m'phiri.