Kalankhulidwe ka anamwino kwa odwala okalamba

Kalembera wa anthu wa 2018 anasonyeza kuti pafupifupi anthu asanu mwa anthu 100 alionse m'Malawi ali ndi zaka 60 kapena kupitirira. Chiwerengerochi n'chochepa, koma pa mzere wa odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi imvi zimachuluka. Matenda amenewa satha ndi jakisoni mmodzi. Amafuna kuti wodwala amvetse kamwedwe ka mankhwala a moyo wake wonse. Apa mpamene mawu a namwino amasanduka gawo la chithandizo.

Kawirikawiri vuto silikhala nkhanza. Limakhala maganizo amene namwino amakhala nawo agogo asanatsegule n'komwe pakamwa: akuti wokalamba samva msanga, kapena kuti kuphwanya kwa thupi "ndi ukalamba basi". Namwino woganiza motero amatembenukira kwa mdzukulu woperekeza n'kumafunsa iyeyo, mwini matenda ali chikhalire pomwepo. Komatu pali zina, monga kuvutika pokodza, zimene agogo aamuna sangatchule pamaso pa mdzukulu wawo wamkazi. Zoterezi zimabwerera kumudzi zosanenedwa.

Palinso "eya" wa ulemu. Akuluakulu ambiri anakula ndi mwambo woti wachipatala safunsidwa kawiri, choncho amavomera ngakhale sanamve. Kukuwa sikuthandiza, chifukwa kumasokoneza mawu m'khutu lofooka, ndipo kumachititsa manyazi munthu wamkulu pagulu. Chothandiza n'kuyang'anizana nawo, kulankhula pang'onopang'ono, kenako kuwapempha kuti abwereze: "Agogo, tandiuzani, mapiritsi awa muzimwa nthawi yanji?" Nthawiyo itchulidwe mmene iwo amaiwerengera: akadzuka, kapena dzuwa likalowa.

Anamwino nawonso ali ndi dandaulo lomveka. Pa chipatala chaching'ono namwino mmodzi amatha kuchezera kuchikuta usiku, m'mawa n'kupeza khonde litadzaza. Komabe mphindi ziwiri zimene wapulumutsa pothamangitsa agogo zimadzalipidwa pamene agogowo abwera pa ambulansi, atasiya mankhwala poganiza kuti achira.

Dziko lino linakhazikitsa ndondomeko yokhudza okalamba mu 2016, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza ufulu wawo. Wokalamba amene walankhulidwa monyoza, kapena womuperekeza, angathe kukadandaula kwa wolandira madandaulo pachipatala, amene amatchedwa ombudsman, kapena ku komiti ya chipatala ya m'dera lawo. Mafumu ndi makomiti a chitukuko akupemphedwa kulengeza njira zimenezi pa misonkhano ya m'midzi.