Ulangizi wa geni ulipo, ndipo wina ndi waulere

Ambiri mwa ife kuno ku Kaliyeka, ku Biwi ndi kwa Kawale timadyera usipa wa ku Salima, tomato wa ku Lizulu kapena nkhuku za kuseri kwa nyumba. Kugulitsa timatha ndithu. Chimene chimatigwetsa ndi masamu, ndipo apa mpamene alangizi a bizinesi amayambira.

Tiyerekeze kuti mayi wapikula usipa wa K60,000 kunyanja. Basi popita ndi pobwera, pamodzi ndi katundu, yadya K12,000. Tikiti ya msika, majumbo ndi chakudya cha panjira, K3,000. Waika milu 80 ya K1,000, yonse yatha. Iye akuti wapindula K20,000, chonsecho phindu lenileni ndi K5,000 basi. Akatapapo ya ufa ndi ya sukulu poganiza kuti akudya phindu, ndiye kuti wayamba kudya mpamba. Ikafika nyengo ya mwera, mu Juni ndi Julayi, asodzi osalowa m'madzi, usipa wakwera mtengo, mayi uja alibenso chopikulira. Kenako timva kuti geni yake anailodza anzake apamsika.

Mlangizi sabwera ndi ndalama. Amakuphunzitsani kulemba zolowa ndi zotuluka m'kope tsiku lililonse, kulekanitsa thumba la geni ndi la pakhomo, kuika mtengo mutawerengera zonse, ndiponso kudziwa malire a ngongole yopatsa makasitomala.

Nanga alangiziwa apezeka kuti? Apafupi kwambiri ndi alangizi a chitukuko cha m'madera, amene amapezeka kudzera ku khonsolo. Ndi antchito a boma, ndipo ulangizi wawo salipiritsa. Amagwiranso ntchito ndi COMSIP, bungwe limene linachokera ku MASAF, lophunzitsa magulu kusunga ndalama ndi kuyendetsa bizinesi. Koma mupite ngati gulu. Munthu mmodzi kawirikawiri amangouzidwa kuti akapeze anzake. Gulu likakhwima lingathe kulembetsa ngati kopaletivi ku unduna wa zamalonda, ndipo lamulo limafuna anthu osachepera 10.

Palinso SMEDI, imene boma linakhazikitsa mu 2013 litaphatikiza DEMAT, SEDOM ndi MEDI. Masiku ano ikutchedwa SMEDCO. Ili ndi malo ophunzitsira ku Mponela, ndipo ntchito yake ndi yolangiza mabizinesi ang'onoang'ono. TEVETA, yomwe inayamba mu 1999, imayang'anira maphunziro a luso la manja, kuphatikizapo a anthu amene sanapite patali ndi sukulu. Kumeneku maphunziro ena amalipiridwa ndi mapulojekiti, ena ali ndi mtengo wake, choncho funsani musanalembetse.

Ena amathawa maphunzirowa poganiza kuti mathero ake ndi ngongole ya chiwongoladzanja, imene ife sitiyandikira. Ayi, abale. Kuphunzira kulemba kope sikukakamiza munthu kukongola. Mwinanso amene wadziwa phindu lake lenileni ndi amene safunanso kugogoda pakhomo pa wakatapila.

Chenjerani ndi anthu oyenda m'makwalala ndi mafomu, akumati tumizani kaye ya kalembera pafoni kuti dzina lanu lilowe. Mufunseni chiphaso cha kuntchito kwake ndi kumene kuli ofesi, kenako tumani awiri a m'gulu akaone okha. Tsiku lokumana ndi mlangizi, tengani kope lolembamo malonda a milungu iwiri yapitayi, ngakhale lolembedwa ndi pensulo.